Mutu 5: Mapiritsi Anga m'Kapu ya Amayi

1. Amayi abwera atalemedwa

Anthu amayesa kuti kukhala mwana wa munthu amene anapita mumlengalenga n'kokoma. Kusukulu anzanga ankandiunjirira ngati ndikugawa maswiti. "Mayi ako akubweretsera chiyani? Mwala wa kumwezi?" Ine ndinkangoseka. Kumwezi sanafikeko n'komwe. Anakhala miyezi isanu ndi umodzi m'siteshoni yozungulira dziko, akukonza makina oyeretsa madzi, poti iwo ndi injiniya. Chimene anabweretsa kunyumba ndi kutopa basi.

Atatera anawasunga kulikulu la ntchito yawo masabata awiri, kuwaphunzitsanso kuyenda. Tsiku limene anabwera kunyumba ndinasesa kawiri, kukolopa kawiri. Galimoto itaima ndinauyatsa wa kugeti kuti ndikawakumbatire, koma amalume anandigwira kolala.

"Phuma, pang'onopang'ono! Ukufuna ukawagwetse?"

Phuma ndi dzina limene amalume anandipatsa ndili Sitandade 1, tsiku limene ndinavala yunifolomu n'kuthamangira kusukulu osafunsa munthu, chonsecho linali Loweruka. Dzinalo linandikakamira mpaka lero. Amalumewo ndi mlongo wawo wa amayi. Amawotcherera zitsulo m'shedi kuseri kwa nyumba yathu, ndipo ndiwo anandisunga miyezi yonseyo, poti bambo anamwalira ndili khanda.

Amayi anatsika atagwira chitseko cha galimoto ndi manja awiri. Kuchokera pageti kukafika pakhomo ndi mapazi makumi awiri okha, koma anapuma kawiri panjira. Nkhope inali yotumbuluka, milomo mbee.

"Mutu wokhawu ukulemera ngati ndasenza ndowa yodzaza," anatero, akuyesa kuseka.

Sabata yoyamba anaswa makapu atatu. Akamwa madzi ankangoisiya kapu m'malere, kuiwala kuti pansi pano zinthu zimagwa. Amalume anatopa n'kutola magalasi, anakagula makapu apulasitiki. "Mlongo, kuno makapu sauluka," anatero powapatsa.

Poyenda m'nyumba ankagwirira khoma, mpaka pakhomapo panabwera mzere wakuda wa zala, kuchokera kuchipinda kukafika kubafa. Ine ndikaweruka ndinkabwera ndi nkhani zodzaza m'kamwa, zimene ndinawasungira theka la chaka. Ndikayamba kufotokoza, maso awo ankatsekeka ndisanafike pakati. Zinkandipweteka, ndisaname. Ndinadikira amayi nthawi yonseyo, ndiye abwera, koma sangathe kumva nkhani imodzi mpaka kumapeto.

2. Malamulo a adokotala

Adokotala a kulikulu anali mayi wachikulire wa imvi, magalasi ake olendewera pachingwe m'khosi. Ankabwera Lachisanu lililonse m'mawa kudzatenga magazi a amayi. Tsiku loyamba anatikhazika pabalaza, ine ndi amayi, n'kutulutsa kope lachikuto chobiriwira.

"Mumvetsere bwino, chifukwa ine kubwereza sindikonda," anatero. "Mayiwa tawalola kubwera kunyumba chifukwa anatichonderera, akuti mwana wawasowa. Kunena zoona, malo awo panopa ndi kulikulu, pafupi ndi ife. Magazi awo achepa. Zimenezi zimachitikira pafupifupi aliyense wochokera kumwambako, ndipo pamapita miyezi itatu kapena inayi kuti abwerere mwakale. Ndiye malamulo anga ndi awa. Chilichonse chimene adya kapena kumwa chizilembedwa m'kope ili. Mankhwala alionse, kaya a mutu, kaya obwera ndi mnansi wachifundo, asalowe m'kamwa mwawo ine ndisanavomereze. Ndipo magazi akadzaonetsa chinthu chimene sitikuchimvetsa, tidzawatenga kubwerera kulikulu, mwina mwezi, mwina iwiri. Tsiku limenelo sipadzakhala zokambirana."

Pomwepo kushedi kunalira makina odulira zitsulo. Nyumba yonse inanjenjemera. Amayi anagwira m'mutu.

"Phuma, kawauze amalume ako azimitse chimakinacho, abwere adzamve nawo," anatero amayi.

Ndinathamanga. Koma amalume si munthu wosiya chitsulo chitadulidwa theka. Anamaliza kaye, kuvula magolovesi, kusamba m'manja, kufunafuna shati yabwinoko. Pamene tinkalowa, adokotala anali atamanga kale lamba pamkono pa amayi, akumaliza mawu akuti, "...ndiye mwamva chifukwa chake, eti?" Amayi anagwedeza mutu.

Chimene chinanenedwa ine kulibe, sindinafunse. Kope lija adokotala anandipatsa ine, akuti ndimalemba zooneka bwino.

3. Masupuni awiri

Nkhani ya magazi ochepa ine ndinkaidziwa. Kapena ndinene kuti ndinkayesa kuti ndikuidziwa.

Kutatsala mwezi kuti amayi abwere kunyumba, ndinagwa pamzere kusukulu, m'mawa dzuwa lisanatenthe n'komwe. Amalume ananditengera kuchipatala. Anamwino anandiyang'ana m'zikope, kundibaya chala, n'kupukusa mutu. Anati magazi anga achepa kwambiri chifukwa m'thupi mwanga mukusowa ayironi. Anandipatsa botolo la mapiritsi ofiirira, aja anthu amati owonjezera magazi. Limodzi patsiku, miyezi itatu, osadumphitsa. Anati ndisamamwere tiyi, koma madzi a malalanje ndiye amathandiza kuti ayironi alowe bwino.

Mapiritsiwo anagwira ntchito. Pakutha pa masabata atatu ndinkakwera masitepe a kusukulu osaima panjira.

Ndiye Loweruka, litangopita tsiku la malamulo lija, ndili kukhitchini, botolo lili m'manja, ndinamva amayi akupumira m'mwamba pobwera kuchokera kubafa. Ndinati magazi ochepa ndi magazi ochepa. Ine andichiritsa masabata atatu, nanga amayi adikirirenji miyezi inayi? Komanso amenewa si mankhwala oopsa, amapatsa ngakhale ana asukulu.

Kuwauza amayi sikukanatheka. Amayi lamulo likakhala lamulo, ngakhale uwalirire, sasuntha. Ndiye ndinatenga masupuni awiri, kuika piritsi pakati, n'kukanikiza mpaka linasanduka ufa. Ndinafinya malalanje atatu, kuthiramo ufawo ndi shuga pang'ono, n'kutakasa bwinobwino.

Amayi anamwa kamodzi n'kukwinya nkhope.

"Chibwerereni zinthu sizikundikomera bwino. Awa ndiye akumveka ngati ndanyambita msomali. Kaya lilime nalonso linatopa."

"Ndiwataye, Amayi?"

"Ayi, wavutika kale. Bweretsa." Anamwa onse mpaka pansi. "Nanga iwe mankhwala ako wamwa?"

"Eya, Amayi."

Ndinatsegula kope lobiriwira n'kulemba ndi zilembo zanga zokongola zija: Madzi a malalanje, kapu imodzi. Za piritsi sindinalembe.

4. Nyumba ya anthu otopa

Ndinachita zimenezi m'mawa uliwonse. Piritsi linali limodzi patsiku monga ananenera anamwino, kungoti linkalowa m'kamwa mwina.

Ndinkadikira kuti tsiku lina ndidzapeza amayi ataima pageti akundichingamira. Ayi ndithu. M'malo mwake anayamba kudandaula m'mimba. Ankadzimbidwa, chakudya ankangochitosatosa. Lachisanu lotsatira adokotala anamvetsera zonsezo, anatsegula kope lija tsamba ndi tsamba, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Zonse zili m'menemu? Palibe chimene unaiwala?"

"Palibe, Adokotala."

Nanenso zanga zinayamba kubwerera. Masitepe a kusukulu anatalikanso. Pakati pa phunziro la masamu mutu unkangogwera padesiki, aphunzitsi mpaka anandifunsa ngati kwathu kulibe bedi. Ndikachapa zovala ziwiri, mtima unkagunda m'khosi, ndinkakhala kaye pandowa yovundikira kuti chizungulire chidutse. Madzulo nyumba yathu inkangoti zii. Amayi ali gone pampando wawo, ine ndili gone pa wanga, wailesi ikudzilankhulira yokha.

Tsiku lina amalume ananditana kushedi. Anali atatenga botolo langa kukhitchini, akuligwedeza pafupi ndi khutu.

"Akutha bwino ndithu. Apa wandisangalatsa, sukudumphitsa. Nanga bwanji ukuoneka ngati pepala chonchi?"

"Ndi mayeso, Amalume. Akutitopetsa."

Ndinakhala pachitsulo china n'kumayang'ana mulu wa zitsulo zakutha umene uli kuseri kwa shedi, mageti akale, mafelemu a mabedi, mapaipi adzimbiri. Kenako ndinafunsa ngati ndikungocheza.

"Kodi bwanji adokotala sakuwapatsa amayi mapiritsi ngati angawa? Si magazi ochepa omwewo?"

Amalume anakweza chigoba chawo chowotcherera pamphumi.

"Limenelo ndi funso labwino, koma walipereka kwa munthu wolakwika. Ine ndimadziwa zitsulo za panja, za m'thupi ayi. Ukawafunse eni ake Lachisanu." Anapinda mkono wa shati n'kundionetsa chipsera chachikulu chimene chimayambira pachigongono kukafika paphewa. "Ichi unachionapo, koma nkhani yake sindinakuuzepo. Ndili ndi zaka makumi awiri ndinali katswiri, podziona ndekha. Ndinali nditatseka mabowo a migolo yamadzi yoposa zana. Tsiku lina munthu anabwera ndi mgolo wobooka pansi. Ndinauyang'ana, ndinati bowo ndi bowo, moto ndili nawo, ndichedwerenji? Sindinafunse kuti mumgolomo munkakhala chiyani. Munkakhala petulo. Munalibe dontho ngakhale limodzi, koma mpweya wake unali momwemo. Ndinadzidzimukira kuchipatala, nsidze zonse palibe. Mwini mgolo anabwera kudzandizonda, akuti, 'Mukanandifunsa ndikanakuuzani.' Mawu amenewo anandipweteka kuposa motowo. Ndiye tamvera, Phuma. Zinthu ziwiri zikhoza kubooka mofanana, koma chimene chili m'kati n'chosiyana. Safunsa adadya phula. Kufunsa sikuchotsa munthu ulemu, ndipo sikutenga ngakhale mphindi imodzi."

"Ndamva, Amalume."

Kumva ndinamvadi. Koma kufunsa adokotala kukanachititsa kuti andiyang'anenso pamwamba pa magalasi paja. Ndipo masabata atatu anali atatsala pang'ono kukwana, nthawi imene ine ndinayamba kupeza bwino. Ndinati mwina piritsi limodzi likuchepa kwa munthu wamkulu. Lachisanu lachitatu chiyambireni zimenezi, m'mawa adokotala asanafike, ndinaika mapiritsi awiri pakati pa masupuni aja, kuti magazi akaoneke bwino poyeza.

5. Chikwama pakhomo

Lolemba ndinaweruka mochedwa chifukwa ndinapuma katatu panjira. Nditakhota pakona ya msewu wathu ndinaona galimoto yoyera ya kulikulu ili pageti. Silinali Lachisanu.

Pakhomo panali chikwama cha amayi, chija anabwera nacho, chotseka kale. Amayi anali pampando wawo atavala nsapato. Amalume anaima pawindo ndi ovololo yawo, manja m'thumba. Makina onse kushedi anali chete.

"Khala pansi, mwanawe," anatero adokotala. "Mayi ako tikuwatenga."

"Chifukwa chiyani? Alakwa chiyani?"

"Sanalakwe kanthu. Ayironi wa m'magazi mwawo wakhala akukwera masabata atatu tsopano, ndipo Lachisanu lapitali wakwera modabwitsa. M'mimba namonso simuli bwino. Ndawerenga kope lako kawiri, mulibe chakudya chimene chingachite zimenezi. Ndiye tikuopa kuti mwina chiwindi chavulala, kapena thupi likuphwanya magazi kuposa m'mene timayembekezera. Tiyenera kukawaona usana ndi usiku."

"Mpaka liti?"

"Masabata asanu ndi limodzi, zikayenda bwino."

Amayi sanatsutse. Anangoyang'ana mzere wa zala zawo pakhoma paja.

"Ndangofika kumene, Adokotala," anatero motsitsa. "Mwanayu sanamalize n'komwe kundiuza nkhani zake." Kenako anapumira m'mwamba. "Basi, lamulo ndi lamulo. Phuma, kanditengere juzi yanga yaimvi kuchipinda."

Ndinadzuka. Kuchipinda ndi kumanja, koma miyendo yanga inapita kumanzere, kukhitchini. Botolo linali pamalo pake, kuseri kwa chitini cha shuga. Masupuni awiri aja anali m'kabati, ndipo ngakhale ndinkawatsuka tsiku ndi tsiku, pakati pake panali patatsala kachizindikiro kofiirira.

Ndikanangokhala chete, palibe akanadziwa. Amayi akanapita, mapiritsi akanaleka okha, magazi akanatsika, madokotala akanakanda mitu n'kuiwala. Koma zikanatenga masabata asanu ndi limodzi, amayi akubayidwa masingano ndi kuunikidwa chiwindi chimene sichinalakwe.

Ndinamva zipi ya chikwama ikukhudza chitseko. Amalume anali atachinyamula.

"Phuma, juzi ija ukuluka?" anafuula amalume.

Ndinatuluka ndi botolo dzanja ili, masupuni dzanja linali. Ndinaziika patebulo, pamwamba pa kope lobiriwira. Mawu anatuluka aang'ono ngati si anga.

"Mankhwala anga ndinkawapatsa amayi. M'madzi a malalanje. Tsiku lililonse."

6. Mulu wa kuseri kwa shedi

Amalume anatsitsa chikwama pang'onopang'ono. Adokotala anavala magalasi, anawerenga pepala la pabotolo, ananunkhiza supuni imodzi.

"Kuyambira liti?"

"Loweruka lija mutangobwera koyamba."

"Angati patsiku?"

"Limodzi. Koma Lachisanu lapitali awiri."

Adokotala anatseka maso kwa kanthawi. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo kukalipa kukanakhala bwino. Iwo anangolankhula ndi mawu a munthu wotopa.

"Masiku atatu sindinapume, ndikuimbira anzanga, tikufunafuna matenda amene kulibe. Bwera kuno pawindo. Ukuuona mulu wa zitsulo wa amalume akowo? Uuyang'ane pamene ndikulankhula.

"M'magazi muli timaselo tofiira timene timanyamula mpweya kupita nawo thupi lonse. Kaselo kalikonse kali ndi ayironi m'kati mwake, chitsulo chomwechi, koma chochepetsetsa. Pansi pano thupi limaphwanya maselo okalamba pafupifupi mamiliyoni awiri pa sekondi iliyonse, n'kupanga atsopano m'mafupa. Munthu akapita mumlengalenga zinthu zimasokonekera. Kulibe chokokera madzi a m'thupi kumiyendo, ndiye amakwera kuchifuwa ndi kumutu. Thupi limataya madzi ena, ndipo limayamba kuphwanya maselo ambiri, pafupifupi mamiliyoni atatu pa sekondi. Chifukwa chake chenicheni tikuchifufuzabe. Kumwambako munthu samva kanthu, poti ngakhale mkono wake sulemera. Akatera m'pamene amazindikira kuti onyamula mpweya achepa. N'chifukwa chake mayi ako amapuma kawiri asanafike pageti.

"Tsono funso n'lakuti, maselo aja akaphwanyidwa, ayironi wake amapita kuti? Satayika. Thupi lilibe geti lalikulu lotulutsira ayironi. Limamuunjika m'chiwindi ndi malo ena, ngati muluwo. Iwe magazi ako anachepa chifukwa omanga analibe zitsulo, ndiye anamwino anakupatsa zitsulo. Mayi ako zitsulo zili mulu kale. Chimene akusowa ndi nthawi yoti omanga agwire ntchito. Iwe wakhala ukuthira zitsulo pamulu wodzaza. Ndipo ayironi akachulukitsa amawononga chiwindi, mtima ndi mafupa, mwakachetechete. Zimenezi ndinawafotokozera mayi ako tsiku loyamba lija."

"Ine ndinali kushedi," ndinatero.

"Unali kushedi, inde. Koma lamulo la mankhwala unalimva ndi makutu ako. Ndipo Lachisanu lililonse ndinali m'nyumba muno, pakamwa panga pali pompa. Mankhwala sabwerekana ngati cholembera, mwanawe. Amene akuchiritsa iwe akhoza kupha mnzako wodwala mofanana nawe poyang'ana ndi maso. Mwayi wako ndi woti ndi masabata atatu okha. Ikanakhala miyezi, bwenzi tikunena zina."

Amalume anakanda chipsera chawo chija.

"Ndinakuuza nkhani ya mgolo iwe uli kale ndi moto m'manja," anatero. "Ndipo ine chitsiru ndinkagwedeza botolo n'kumakuyamikira."

Misozi inali ikutsika yokha. Ndinkaopa kuyang'ana amayi, koma ndinawayang'ana.

"Amayi, ndimafuna muchire msanga. Ndimafuna muzimva nkhani zanga mpaka kumapeto."



"Madzi aja ankaipa, mwanangu," anatero amayi. "Tsiku lililonse ndinkafuna kuwalavula. Koma miyezi isanu ndi umodzi ndinkamwera m'timatumba ta pulasitiki, ndekha, ndi kapaipi. Ndiye ndabwera kunyumba, mwana wanga wadzuka m'mamawa, wandifinyira malalanje ndi manja ake, wandipatsa m'kapu. Ndikanakana bwanji? Ndinkakufunsa m'mawa uliwonse ngati wamwa mankhwala ako. Unkati eya."



7. Wokwera wasintha

Adokotala anatuluka panja kukaimba foni. Atabwerera anati amayi akhoza kuvula nsapato.

"Lero sapita. Zimenezo ndagamula ine. Koma zoyeza za masabata atatu zawonongeka, ndipo akuluakulu a kulikulu ankazidalira pofuna kuteteza ena amene akukonzekera ulendo. Iwowo ndi amene anavomera monyinyirika kuti mayiwa achirire kunyumba. Akumana Lachitatu kuti aone ngati nyumba ino ili yodalirika."

Atatero anandiyang'ana, osati pamwamba pa magalasi tsopano, koma bwinobwino.

"Dikira kaye. Ngati mapiritsi onsewa ankamwa mayi ako, iwe unkamwa chiyani?"

Anandikoka pafupi, n'kutsitsa chikope changa ndi chala. Anayang'ana zikhatho zanga, kugwira pamkono kuwerenga kugunda kwa mtima. Kenako anatulutsa kamakina kakang'ono m'chikwama chawo, kundibaya chala. Nambala itatuluka anavula magalasi.

"Mwanayu wayenda bwanji kuchokera kusukulu?"

"Ndinapuma katatu," ndinatero.

"Chikwamacho musachibweze kuchipinda," anauza amalume. "Chotsanimo zovala za mayi, muikemo zake. Magazi ake ndi ochepa kuposa a mayi ake. Akagona kuchipatala masiku awiri kapena atatu, timuyeze bwinobwino."

Amalume anatsegula zipi, akupukusa mutu. "Galimoto siinabwere pachabe, wokwera yekha ndiye wasintha. Iwe Phuma iwe, udzandipha ndisanakalambe."

Amayi anafuna kukwera nawo, koma adokotala anakaniza, akuti ulendo wa galimoto uwabweretsera chizungulire. Ndiye amayi anangoti andiperekeza pageti. Anadzuka osagwira khoma. Anandikoleka mkono paphewa, ine n'kuwagwira m'chiuno, ndipo sindikudziwa kuti ankachirikiza mnzake ndani. Tinayenda mapazi makumi awiri aja tonse awiri tili wefuwefu, koma sitinaime.

Nditakhala m'galimoto, amayi anagwira chipilala cha geti n'kuweramira pawindo.

"Mawa ndituma amalume ako ndi madzi a malalanje. Ndifinya ndekha. Ndipo piritsi ukamwe anamwino akuona."

"Eya, Amayi."

"Eya ameneyo ndamumva masabata atatu. Ndikufuna wina."

Galimoto inanyamuka. Ndinawayang'ana mpaka tinakhota pakona, ali chiimire pageti, amalume atawagwira chigongono. Ndinavutikira kuti tisasiyane, ndipo tinasiyanabe.

Tisanafike pamsewu waukulu, adokotala anandiika kope lobiriwira pamiyendo.

"Ukalembemo zonse zimene unasiya, tsiku ndi tsiku, osadumpha ngakhale limodzi. Lachitatu ndidzabwera kudzakutenga kuchipatalako, ukaliwerenge wekha pamaso pa akuluakulu aja. Akakukhulupirira, mayi ako akhala kunyumba. Akapanda kutero, chikwama chomwechi chidzalongedwanso."

Ndinatsegula tsamba la Loweruka loyamba lija. Madzi a malalanje, kapu imodzi. Zilembo zake zinali zokongoladi, ndipo pambali pake panali patatsala malo.

"Adokotala," ndinatero, "mungandibwereke cholembera?"